Udzudzu Umene a Makhwinja Sanaumve

A Makhwinja tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali, ndipo pamaliro pomwepo ndinakumbutsidwa mlandu wanga. Ndinali ndikutsuka mbale kuseri kwa siwa pamene mayi wina, woti sindimudziwa n'komwe, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa mnzake mokweza dala: "Kodi si ameneyu mwana uja anawachotsetsa malemuwa kusukulu?" Mwana, ine wa ana awiri! Koma ndinangopitiriza kutsuka, chifukwa mayiyo sananame. Phunziro la nyimbo pasukulu yathu ya sekondale linatha chifukwa cha pakamwa panga, ndipo a Makhwinja analibe chinthu china chimene ankachikonda ngati phunziro limenelo. Zaka zonsezi sindinadziwe ngati anandikhululukira.

Kwa inu amene simunawadziwe, a Makhwinja anali mphunzitsi wa pulayimale wopuma pantchito, bambo wamfupi wa jekete imodzi yabulauni imene ankaivala ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Atapuma anakhala pakhomo miyezi itatu yokha, n'kutopa ndi kuthamangitsa mbalame m'munda wa mpunga. Anapita okha kwa ahedi a kusekondale kukapempha piriyodi imodzi pa sabata yoti aziphunzitsa nyimbo. Anapatsidwa yomaliza ya Lachitatu, ija aliyense amakhala akuyasamula ndi njala. Sankalandira kanthu, ndipo phunzirolo linalibe mayeso. Ahedi anangovomera chifukwa cha manyazi, poti nawonso a, e, i, o, u anaphunzitsidwa ndi a Makhwinja omwewo.

Chimene anatchuka nacho kuno kunyanja ndi khutu. Amayi akafuna kugula mphika pamsika wa kudoko ankawadikira kuti adutse augogode ndi chala, ndipo iwo akati uli ndi mng'alu, wogulitsayo ankangoubweza m'dengu osatsutsa. Njinga ya munthu ankaizindikira isanatulukire pakona. Makwaya a mipingo itatu ankawaitana akamakonzekera mpikisano, ndipo pakati pa anthu makumi atatu iwo ankaloza mmodzi n'kumuuza kuti watsika. Sindibisa, anali ndi matama pa khutu lawolo. Ankakonda kunena kuti maso awo ndi ogula kuchipatala, uku akugwira magalasi, koma makutu ndi awoawo, obadwa nawo.

Matamawo ndi amene ankawalowetsa m'mikangano. Kutchalitchi kwawo atagula kiyibodi ija imadziimbira yokha ng'oma, anapirira masabata awiri. Lamulungu lachitatu anadzuka nyimbo ili mkati, anapita kutsogolo, n'kuzula chingwe kubatire. Akulu a mpingo atawaitana, iwo anati anthu asiya kumverana, aliyense akungothamangitsana ndi makina. Anawaletsa kutsogolera kwaya chaka chathunthu. Chaka chonsecho ankakhala benchi yakumbuyo n'kumapukusa mutu moonekera munthu akaphonya, mpaka oimba anadandaula kuti bola awabwezere kutsogolo.

Anakangananso ndi Che Amidu, msodzi wa kudoko, pa nkhani ya mwana wawo Zainabu. Che Amidu ankafuna kuti mtsikanayo asiye sukulu azithandiza mayi ake kuyanika matemba. A Makhwinja anapita pakhomopo masiku asanu ndi limodzi otsatizana, kumangokhala pakhonde osanena zambiri, mpaka Che Amidu anati tengani, mwanayo ndi wanu, mwanditopetsa. Zainabu anapitirira mpaka kukoleji mtauni, kumene anaphunzira kupeka nyimbo. Ife tinamupeza atachoka kale pasukulupo, koma dzina lake tinkalimva Lachitatu lililonse. Nyimbo imene inabweretsa zonsezi anaitumiza ndi iyeyo.

Ndisanafike pa nyimboyo, ndinene mmene ankaphunzitsira. Kuseri kwa kalasi yathu anaikako mangolongondo: zikuni zosema bwino, zoyalidwa pa mathunthu awiri a nthochi, zoimbidwa ndi anthu awiri okhala moyang'anana. Wina akagunda, mnzake amalowa m'mipata imene wasiya. Kumeneko tinkapitako theka la piriyodi. Theka linalo tinkakhala m'kalasi kumvetsera nyimbo pa kasipika kamene anakagula okha ku Songani pa njinga, n'kukapachika pa msomali pamwamba pa bolodi. Mawu akuti "ndi yabwino" kapena "ndi yoipa" anali oletsedwa, ankati amenewo ndi mawu a munthu waulesi. Mafunso awo anali atatu basi: wamva chiyani, walowa ndani, watuluka ndani. Kenako aliyense ankajambula m'kope mwake mzere wautali, n'kumalemba pamene chida chilichonse chalowa ndi pamene chasiya. Chimenecho ankachitcha mapu a nyimbo. Ndipo panali lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka tinkalilota: munthu asanene chimene sanamve, ndipo asabise chimene wamva.

Nyimbo ya Zainabu inabwera pa memori khadi tili Folomu 3, yokulungidwa m'kapepala, wobweretsa ndi dalaivala wa minibasi. Inalibe mawu, inalibe ngakhale dzina, anangolembapo kuti Nambala 4. A Makhwinja anaika khadiyo musipika mwachimwemwe.

Koma abale, tinakhumudwa. Inayamba ndi chikuni chimodzi cha mawu a pansi, chogundidwa pang'onopang'ono ngati mlendo wamanyazi pachitseko. Kenako chinalowa chachiwiri m'mipata, monga timachitira ife, koma ukangoti wagwira kayendedwe kake, chinkasuntha. Ng'oma inalowa mochedwa n'kuyamba kuthamangitsa zonse. Zinafika pothina, phokoso lokhalokha, kenako zida zinayamba kutuluka chimodzichimodzi mpaka ng'oma inatsala yokha, nayonso n'kusiya. Panadutsa nthawi ndithu, chikuni choyamba chija n'kubwerera, kugunda katatu, basi yatha. Mnyamata wina kumbuyo anafunsa ngati oimbawo anali akuyeserera kaye. Zione, mnzanga wa padesiki, anati nyimbo yosavinika, yosaimbika, titani nayo, tiidye?

A Makhwinja sanakwiye. Anati tiimvetsera Lachitatu lililonse mpaka itiuze chimene ikufuna. Sabata yoyamba tinangotsata chikuni choyamba chokha. Yachiwiri tinawerenga kuti chachiwiri chimasuntha pakapita magundidwe angati, n'kupeza kuti chimachedwa dala pang'ono ulendo uliwonse. Yachitatu tinapita kuseri kukayesa tokha pa mangolongondo, tinasokonezana mpaka tinagwa ndi phwete. Ndikunena zoona, pofika sabata yachinayi ndinkadzipeza ndikugunda kachidutswa kake pa ndowa popita kumjigo.

Vuto linali pamalo paja ng'oma yasiya, chikuni chisanabwerere.

Tsiku loyamba lomwelo, titafika pamenepo, a Makhwinja anakweza dzanja, anatseka maso, milomo ikuwerenga. Nyimbo itatha anatiuza kuti awerenga mpaka makumi anayi, ndipo monsemo muli zii, mulibe kalikonse. Anati pamenepa ndiye pamtima pa nyimbo yonse. Anakhala pa tebulo, chinthu chimene sankachita, n'kutifotokozera za chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma ife tisanabadwe. Anthu ankayenda wapansi mpaka ku chilumba cha Chisi pa dothi long'aluka. Mabwato anali gadagada padoko. Chimene iwo ankakumbukira si njala, anatero, koma zii: kunalibe wokuwa mtengo wa nsomba, kunalibe chopalasira chomenya madzi. Ndipo chaka chimenecho anaika m'manda mwana wawo woyamba, Rute, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anati Zainabu anali kamwana nthawi imeneyo, koma taonani, zii uja anamumva ndipo wamusunga. Anapita pa bolodi, pakati pa mzere anasiya mpata waukulu, n'kulemba kuti: Zii. Nyanja yauma.

Tonse tinakopera m'makope. Koma pamalo pamenepo panalibe zii. Panali kachingwe kakulira, kopyapyala, kokwera kwambiri, ngati udzudzu uli pafupi ndi khutu. Kankayamba ng'oma ikangosiya, ndipo sikankaduka mpaka chikuni chibwerere. Ine ndinakamva, Zione anakamva, ndipo tinayang'anizana. Poyamba tinati mwina ndi sipika yawonongeka. Mnyamata wina anabwereka khadi ija n'kuimvera pafoni ya mkulu wake, anabwera mawa lake n'kutiuza kuti kachingweko kalimo ndithu, ndi ka m'nyimbo momwemo.

Pamenepo m'pamene tinakumbukira zinthu zina. A Makhwinja anali atayamba kunena nthabwala yoti udzudzu wa masiku ano ndi waulemu, umangoluma osalira. Ankadandaulanso kuti timbalame ta m'mabango tinatha, ana a malegeni anatimaliza, chonsecho timbalameto tinali tikusokosa pawindo pomwepo. Mawu a anthu ankamva bwinobwino, ng'oma ankamva, mphika ankaugogodabe. Chimene chinawathawa ndi mawu ang'onoang'ono okwera, ndipo chinachoka mwakachetechete moti eni ake sanadziwe.

Sitinachite msonkhano, koma tinagwirizana. Ndani akanaimirira kuuza munthu wamkulu ngati ameneyo kuti makutu ake atha? Kwathu kuno mwana sawongola wamkulu pagulu, ndipo uyu sanali wamkulu chabe, anali atatiuza za mwana wake womwalira. Tikanati chiyani, kuti pepani sala, pamene mwaika Rute pali udzudzu? Ndiye masabata asanu ndi awiri tinkawayang'ana akukweza dzanja n'kumawerenga, kachingwe kakulira pamwamba pa mutu wawo, ife mitu pansi. Wina analemba ndakatulo ya zii, iwo n'kumupatsa choko chatsopano ngati mphotho. Nanenso ndinabisa ngati anzanga.

Teremu imeneyo ahedi anali pamoto chifukwa masamu sanakhozedwe bwino chaka chapitacho. Ankafuna piriyodi ya Lachitatu ikhale yobwereza masamu, koma analibe poyambira kuwauza aphunzitsi awo akale. Ndiye anakonza kuti a komiti ya makolo abwere adzaonere phunzirolo, aweruze okha ngati lili ndi phindu. A Makhwinja anadziwa bwino kuti tsiku limenelo ndi la mlandu. Anachapitsa jekete, ndipo anaitanitsa Zainabu kuchokera mtauni kuti akomiti adzaone ndi maso chipatso cha phunziro lawo.

Alendo anakhala pa mipando kutsogolo: ahedi, awapampando a komiti amene anali gogo wa ndodo, amayi awiri, ndi Zainabu, mtsikana wowonda wa mpango wobiriwira. Zonse zinayamba bwino. Tinayankha za chikuni chochedwa, awiri anakagunda kachidutswa kuseri, amayi aja mpaka anaomba m'manja. Kenako a Makhwinja anayatsa sipika kuti alendo amve yonse. Ng'oma itasiya anakweza dzanja n'kutseka maso. Kachingwe kanayamba. Ndinaona ahedi akuyang'ana sipika, kenako a Makhwinja, kenako panja. Awapampando okha ndi amene ankagwedeza mutu kuvomereza, poti nawonso sankamva kanthu. Zainabu anakwinya nkhope, ndipo a Makhwinja atayamba kufotokoza za nyanja youma, iye anagwira pakamwa n'kuyang'ana pansi.

"Ndanama, mwana wanga?" a Makhwinja anamufunsa, akumwetulira.

"Aphunzitsi," anatero Zainabu ndi mawu otsika, "inu mumamva zambiri kuposa ife."

Onani, ngakhale mwini nyimbo anathawa. Zikanathera pomwepo, mwina phunzirolo likanapulumuka. Koma a Makhwinja anafuna kutsendera, ndipo anatembenukira kwa ine chifukwa mapu anga ndi amene ankakhala aukhondo.

"Melina, imirira. Uwauze alendo. Pamalo pamenepa wamva chiyani?"

Yankho ndinali nalo, linali m'kope. Koma kubisala pakati pa anthu makumi anayi n'kosavuta, pamene kunamiza munthu amene wakutchula dzina, akukuyang'ana m'maso ndi chikhulupiriro chonse, n'kwina. Ndiponso anafunsa ndi funso lawo lomwe lija. Ndinaimirira.

"Pamenepo si pa zii, sala."

"Wati chiyani?"

Ndinachita kubwereza mokweza, anthu inu, pamaso pa alendo. "Si pa zii, sala. Muli kachingwe kakulira, kang'onong'ono, ngati udzudzu. Kamayamba ng'oma ikangosiya, ndipo sikasiya mpaka chikuni chibwerere."

Zione anandikoka siketi kuti ndikhale. Mayi mmodzi wa komiti anati, "Iii, mwana wa ndani ameneyu?" A Makhwinja anatsitsa sipika pa msomali, anabweza nyimbo kufika pa ng'oma, n'kugunditsa sipikayo pakhutu lamanja. Anabwezanso, n'kuyesa lamanzere. Ife tonse tinkakamva kachingweko kakutuluka pakati pa zala zawo. Anaika sipika pa tebulo pang'onopang'ono.

"Amene akumva chimene wanena Melina akweze dzanja."

Manja anakwera limodzilimodzi mpaka kalasi yonse. Ahedi nawonso anakweza, mwamanyazi, kufika paphewa. Zainabu anakweza akulira.

"Mwayamba kukamva liti?"

"Tsiku loyamba, sala," wina anayankha kumbuyo.

Ndinawaonapo atakwiya kambirimbiri, koma tsiku limenelo sanakweze mawu. "Masabata asanu ndi awiri," anatero. "Masabata asanu ndi awiri mwakhala mukundiyang'ana ndikuwerenga mphepo. Ndiye ulemu wake umenewu? Munthu akuyenda ndi matope kumsana kwa jekete, inu n'kumamugwadira kumupatsa moni?" Anayang'ana Zainabu. "Ndi iwe yemwe."

Ndinkaganiza kuti atenga sipika yawo azipita. Koma anayang'ana wotchi n'kunena kuti kwatsala mphindi makumi awiri, ndipo piriyodi ndi yawo mpaka belu lilire. Anatenga choko n'kuima pa mpata uja wa pa bolodi. Anati popeza iwo sangalowe m'chipinda chimenechi, tiwauze ife zimene zilimo. Kachingweko kamakwera kapena kamangoima? Kamanjenjemera? Kamakula pothera kapena kamachepa? Tinayamba mwamantha, kenako tinayamba kutsutsana. Ena amati kamaima malo amodzi, Zione anaumirira kuti chakumapeto kamatsika pang'ono ngati katopa. Anabweza nyimbo katatu kuti tigwirizane, iwo ataima pa bolodi osamva kanthu, n'kumalemba zimene tikunena. Zione ndi amene anapambana.

Kenako anafunsa Zainabu kuti chidacho n'chiyani, ndipo anachiikiramo chiyani. Iye anapukuta misozi n'kunena kuti ndi vayolini, kaligo wa azungu uja, chala chikungokhudza chingwe pamwamba penipeni. Anati za nyanja sanaziganize n'komwe, iye ankangofuna kuona kuti chingwe chimodzi chingagwire nyimbo nthawi yaitali bwanji zina zonse zitathawa. A Makhwinja anagwedeza mutu. Anatiuza kuti tanthauzo la nyimbo tikhoza kulimbirana mpaka mawa, ndipo ngakhale woipeka alibe mphamvu yotiletsa. Koma chimene chikulira chikulira, pamenepo palibe za maganizo a munthu. Anati iwo anathamangira kumasulira asanamalize kumva, ndipo tisadzachite zimenezo. Belu linalira, anapukuta manja, n'kuthokoza alendo mmodzimmodzi.

Sabata yotsatira ahedi anawalembera kalata yaulemu kwambiri, yowathokoza ndi kuwapempha kuti apumule asamalire thanzi lawo. Pa asembule anawapatsa ndowa ndi nsalu ya amayi. Sindiwada ahediwo, anali ndi mavuto awo, ndipo chifukwa chimene ankachisowa ndinawapatsa ndine m'manja. Piriyodi ya Lachitatu inakhala ya masamu. Masamuwo tinalepherabe chimodzimodzi.

Kunyumba nkhani inanditsogolera. Mayi anga anandipeza pakhomo ali ndi chikuni m'manja, akufunsa ngati anandibereka kuti ndizichititsa manyazi akuluakulu. Loweruka lake anagwira nkhuku, anandikoka mpaka kwa a Makhwinja, n'kundigwaditsa pabwalo.

"Aphunzitsi, tabwera kudzapepesa. Mwanayu ndi wopanda nzeru, mumukhululukire."

A Makhwinja analandira nkhuku n'kuipereka kwa akazi awo. Anafunsa mayi anga ngati mpunga wawo wayamba kutulutsa, ngati madzi afika m'dimba la kumunsi. Anacheza za mbewu mpaka tinatsanzika. Za ine sananenepo liwu ngakhale limodzi, labwino kapena loipa. Kuyambira pamenepo tikakumana panjira ankavula chipewa n'kundipatsa moni ngati munthu wamkulu, "Mwaswera bwanji, mayi Melina?" Ulemu umenewo unkandipweteka kuposa chikuni cha mayi anga. Ndinkaumva ngati mpanda.

Mangolongondo aja a Makhwinja anawanyamula pa njinga maulendo atatu n'kukawayala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo. Loweruka lililonse m'mawa ana ankasonkhana pamenepo, a pulayimale ndi a sekondale omwe, Akhristu ndi Asilamu, ndipo phunziro linapitirira popanda belu. Ine ndinapitako kawiri kokha, manyazi anandikanika. Ndinkangomva kwa anzanga kuti makutu awo akunka natsekeka. Miphika anasiya kugogoda, makwaya anasiya kuwaitana. Chakumapeto ankavula nsapato n'kuponda thunthu la nthochi ndi phazi kuti amve kugunda kwa zikuni m'mwendo, ndipo mwana akaphonya ankamuloza ndithu. Nyanja itaumanso zaka zingapo zapitazo, akuti anatenga ana asanu kupita nawo padoko, anaima pa dothi long'aluka, n'kuwafunsa kuti akumva chiyani. Anawo anatchula mphepo, mabelu a njinga zopita ku Chisi, mbalame, mayi wina woitana mbuzi. Iwo anangoti oho, n'kulemba.

Dzulo ndinapita kukaona mayi Makhwinja, poti anthu a pamaliro abalalika ndipo nyumba ikatero m'pamene imalemera. Ndinawapeza akupeta mpunga. Titacheza pang'ono analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lachikuto cholimba, lakuda ndi manja.

"Bambo a Rute anati likapezeka tsiku, ndidzakupatse iweyo. Ine sindidziwa zolembedwamo, koma tsamba lake ndi ili, lopindidwali."

Anali mapu a Nambala 4, ojambulidwa pa masamba awiri oyang'anana. Kumanzere, pa mpata uja, panali mawu akale aja: Zii. Nyanja yauma. Sanawafufute. Pansi pake anangowonjezera ndi inki ina kuti: Umu ndi mmene ndinamvera ine. Tsamba la kumanja linali lodzaza mpaka m'mphepete, zolemba za zaka zosiyanasiyana, mwana aliyense ndi dzina lake ndi chimene anamva. Wina anati kachingweko kali ngati waya wa mpanda mphepo ikamaomba, wina anati kamamuyabwa m'mano. Pamwamba pa onse panali mzere woyamba, wodulidwa mzere kunsi kawiri: Muli udzudzu. Wamva Melina, ndipo wanena.

"Ana atsopano akabwera, ankayamba ndi kuwawerengera pamenepo," anatero mayiwo. "Ankati aliyense wofuna kukhala pansi pa mtengo uwu akhale ngati ameneyu. Dzina lako ndinalimva mpaka kutopa nalo."

"Nanga ineyo osandiuza bwanji, amayi?"

"Iii, mwana wanga, unawadziwa aphunzitsi ako aja. Kuti apepese kapena athokoze ndi pakamwa? Ankati anakuvulira chipewa, ndiye ukufunanso chiyani."

Ndinalira, ndipo ndinakwiya nawo, zonse pamodzi. Zaka zonsezi ndinkawoloka msewu kuthawa chipewa chimenecho.

Ndisanachoke ndinapita pansi pa mango paja. Zikuni anaziunjika pambali masiku a maliro kuti anthu apeze pokhala, ndipo palibe amene wazibwezera. Mathunthu a nthochi afota, ayamba kununkha, ndipo pa limodzi pali polowa pamene pankaponda phazi lawo. Kampando kawo kali pomwepo, mwendo umodzi womangidwa ndi mphira. Sipika ija ikadali pa msomali wokhomedwa pamtengo, batire linatha. Ndinakhala pansi, kope lili pamiyendo. Mvula inali itangokata, madzi ali thithithi m'minda ya mpunga, ndipo mumthunzimo udzudzu unali wambiri ngakhale usana. Umodzi unabwera kudzalira pakhutu langa, kachingwe komwe kaja. Ndinakweza dzanja kuti ndiuphe, koma ndinalibweza. Ndinatembenukira kukampando kaja n'kunena mokweza, mmene ankafunira kuti tiziyankhira:

"Ukulira, sala. Ndikuumva."